PAKHONDE LA MADRASA: Wogwidwa ndi mowa apeze anzake amene adasiya

Bismillahir Rahmanir Rahim.

 

Nkhani ya lero ndi imene ambiri timangoinong'ona kuseri kwa nyumba: m'bale wathu Msilamu amene wagwidwa ndi mowa. Kuti mowa ndi haramu palibe amene sakudziwa. Mwana wa zaka 7 wa ku madrasa akudziwa, ndipo womwayo akudziwa kuposa tonsefe, chifukwa ndiye amadzidzimuka usiku mtima ukumutsutsa. Funso limene makolo ndi akazi apabanja amabwera nalo kwa amwalimu ndi masheikh ndi ili: tamulangiza, tamukalipira, walumbira pamaso pa akuluakulu, koma pakatha masabata awiri wabwereranso, tsono timutengere kuti? Yankho lathu ndi lakuti munthu wotere amafunika chipatala poyamba, kenako amafunika kukhala pansi sabata ndi sabata ndi anthu amene adadutsa m'vuto lomwelo ndipo adasiya. Tiyeni tione kumene anthu oterewa angapezeke, ndi chimene tingachite ngati kwathu kulibe.

Vutoli lili pakati pathu

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa momwe ndalama imayendera padoko. Mlovi akagwira bwino usipa amalandira gawo lake m'mawa womwewo, ndalama ili m'manja, thupi latopa, ndipo tulo sitibwera msanga. Mwezi ukawala kapena mwera ukavuta, anyamata amakhala masiku angapo osalowa m'madzi, opanda chochita. Pamenepo kachasu samakhala patali. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa waukali womwewo udapitiriza kupezeka m'timabotolo ting'onoting'ono totsika mtengo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa, ndipo mwa iwo 2 miliyoni adali amuna.

Msilamu womwa ali ndi vuto lina loonjezera. Iye samwa poyera ngati anzake. Amapita kumsika wakutali kumene sakumudziwa, amabisa botolo m'thumba, amatafuna zonunkhira asanalowe m'nyumba. Banja nalo limabisa poopa kuti ana aakazi angasowe owafunsira. Motero matenda amakula mumdima, ndipo anthu amadzadziwa chiwindi chitatupa kale, ukonde utagulitsidwa, kapena ukwati utatha.

Choyamba ndi chipatala

Tisanakambe za magulu, pali chenjezo limene banja lililonse liyenera kulidziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, thupi lake limazolowera mowa. Akasiya mwadzidzidzi, pakangotha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyambirira. Pofika tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ena amasokonekera mutu, kuona zinthu zimene palibe, thupi kutentha, mtima kuthamanga. Apa munthu angathe kufa.

Abale ena akaona zimenezi amati majini amulowa, namutsekera m'chipinda kapena kumumanga ndi chingwe. Kumuwerengera Qur'an ndi kumuchitira dua ndi zabwino, koma zichitike ali m'njira yopita kuchipatala kapena ali kale pabedi la kuchipatalako. Madokotala ali ndi mankhwala okhazika thupi monga diazepam, ndiponso amapereka vitamini B1 amene amateteza ubongo. Choncho wakumwa kwambiri akaganiza zosiya, ngakhale pofuna kuyamba kusala m'mwezi wa Ramadhan, ayambe waonana ndi achipatala ndipo awauze zoona zenizeni za kuchuluka kwa mowa umene amamwa.

Chifukwa chiyani amafunika anzake?

Chipatala chimatulutsa munthu m'ngozi ya masiku oyambirira, koma chilakolako chimatsala. Akabwerera kumudzi amapeza doko lomwelo, anzake omwewo, ngongole zomwezo. Mkazi wake amamukonda, koma sakudziwa kuti pakhosi pamauma motani dzuwa likamalowa. Sheikh amadziwa malamulo, koma sadagonepo m'ngalande. Amene angamuuze kuti "zimene ukumvazo ndidazimvapo, pirira mpaka m'mawa zichepa" ndi munthu amene adamwapo nasiya. Munthu wotereyu savuta kumukhulupirira, ndipo ndi wovuta kumunamiza.

Mbiri ya chipembedzo chathu ikutiphunzitsa zomwezi. Mowa sudaletsedwe tsiku limodzi. Idayamba kutsika ndime ya 219 ya Surat Al-Baqarah yofotokoza kuti kuipa kwa mowa kumaposa phindu lake. Kenako idatsika ndime ya 43 ya Surat An-Nisa yoletsa kuyandikira Swala munthu ataledzera. Pomaliza zidatsika ndime za 90 ndi 91 za Surat Al-Ma'idah zoletseratu. Mayi wathu Aisha (Radhiya Allahu anha) adafotokoza kuti lamulo loletsa mowa likadakhala loyamba kutsika, anthu akadakana kusiya. Chidayamba ndi kumanga chikhulupiriro m'mitima. Ndipo Anas bin Malik adasimba kuti tsiku limene lamulo lomaliza lidalengezedwa, iye ankatungira anthu mowa m'nyumba ya Abu Talha, nauzidwa kuti akautaye, ndipo mowa udayenderera m'misewu ya Madina. Taonani apa: Maswahaba adasiya onse pamodzi, womwa naye dzulo ndiye adakhala wosiya naye lero. M'bale wathu wa lero timamuuza kuti asiye yekha, pamene anzake onse a padoko akupitiriza. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Magulu a anthu osiya mowa

Gulu lodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, kutanthauza zidakwa zosatchulidwa maina. Lidayamba m'chaka cha 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene amuna awiri amene mowa udawasautsa, Bill Wilson wa zamalonda ndi Bob Smith yemwe adali dokotala, adakhala pansi kukambirana za vuto lawo. Adazindikira kuti chidakwa chikamathandiza chinzake, nacho chimalimba. Lero gululi likupezeka m'mayiko pafupifupi 180.

Kachitidwe kake nkosavuta. Anthu amakumana kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha. Palibe ndalama yolowera, amangosonkha mwakufuna kwawo yogulira tiyi ndi kulipira chipinda. Choyenereza munthu kukhala membala ndi chimodzi basi, kufuna kusiya kumwa. Wobwera kumene amasankha mnzake amene adasiya kalekale kuti azimutsogolera, woti angamuimbire foni ngakhale usiku chilakolako chikamugwira. Amatsata masitepe 12, ndipo mwa iwo muli kuvomereza kuti mowa wamugonjetsa, kupempha thandizo kwa Mulungu, kudzifufuza, kubweza kapena kupepesa kwa amene adawalakwira, ndi kuthandiza ena. Msilamu akaziyang'ana bwino aona kuti zambiri zikufanana ndi zofunika pa toba: kusiya tchimo, kumva chisoni, kutsimikiza kusabwerera, ndi kubweza za eni.

M'chaka cha 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane adasonkhanitsa kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo adapeza kuti njira ya AA imathandiza anthu kusiyiratu mowa mofanana kapena kuposa njira zina za uphungu. Asilamu nawo adaona phindu lake. M'chaka cha 1989 abale athu a mumzinda wa Baltimore ku America adayambitsa gulu lotchedwa Millati Islami, limene lidatenga masitepe 12 aja nkuwakhazika pa Qur'an ndi Sunnah. Palinso gulu la Al-Anon, limene lidayamba mu 1951, la akazi, amuna, makolo ndi abale a munthu womwa, chifukwa nawonso amavulala mumtima.

Kumene tingayambire kufunsa

Safunsa adadya phula. Nazi njira zimene banja lingatsate.

Choyamba, pitani kuchipatala chachikulu cha boma lanu, kaya ndi Mangochi, Machinga, Salima kapena Nkhotakota, mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Musachite manyazi ndi dzina limeneli, pakuti vuto la mowa limathandizidwa kumeneko. Mufunseni mosabisa ngati pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana pafupi, tsiku lake ndi malo ake. Ngati chipatala chachikulu chili kutali, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akulozereni njira.

Chachiwiri, chipatala cha St John of God, chimene chili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, chili ndi ndondomeko yapadera yothandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Eni ake ndi a Katolika koma chimalandira anthu a zipembedzo zonse. Palinso chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba. Funsani za kalata yotumizira ndi za malipiro musananyamuke, ndipo m'bale wanu akamatuluka, funsani kumene azikakumana ndi anzake.

Chachitatu, amene ali ndi foni ya intaneti angathe kulemba dzina la Alcoholics Anonymous kapena Millati Islami nkupeza misonkhano imene imachitikira pa foni pomwepo. Kuyambira m'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, misonkhano yotere idachuluka kwambiri. Yambiri imachitika m'Chingerezi, choncho ingathandize makamaka aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi ndi achinyamata amene adapita kusukulu.

Chachinayi, ana athu ambiri ali ku Joni, ndipo ena mowa udawagwirira komweko chifukwa chosungulumwa. Ku South Africa gulu la AA lidayamba kale mu 1946, ndipo m'mizinda monga Johannesburg, Durban ndi Cape Town misonkhano ilipo yambiri. Mukamalankhula naye mwana wanu pa foni, m'malo momangomufunsa za ndalama, muuzeni kuti afunefune msonkhano woyandikana ndi kumene akukhala.

Amene wapeza gulu asaweruze ndi ulendo umodzi. Tsiku loyamba munthu amakhala ndi mantha ndi manyazi, ndipo samva zambiri. Apite kangapo asanaganize zoti sizikumuthandiza. Saumirizidwa kulankhula, angathe kungokhala nkumamvetsera.

Mafunso atatu amene amatsekereza Msilamu

Loyamba: nanga ngati gulu limakumana m'holo ya tchalitchi? Magulu a AA amangobwereka kapena kulipira chipinda, ndipo malamulo awo amanena kuti sali mbali ya mpingo uliwonse. Amalankhula za Mulungu monga momwe aliyense amamudziwira, ndipo kwa ife ameneyo ndi Allah Mmodzi yekha wopanda wothandizana naye. Ngati potseka anena pemphero la chipembedzo china, Msilamu akhale chete mwaulemu nachite dua yake mumtima. Tonsefe tikadwala malungo timagona m'zipatala za mishoni ndipo timatulukamo tili Asilamu. Koma gulu limene cholinga chake ndi kumusintha munthu chipembedzo, limenelo alisiye nafunefune lina.

Lachiwiri: kodi sikuulula machimo amene Allah adabisa? Nzoona kuti Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) adadzudzula munthu amene amachimwa usiku, Allah nkumubisa, kenako m'mawa nkumalengeza yekha. Kumeneko ndi kunyadira tchimo ndi kulipeputsa. Wofotokoza vuto lake kwa anthu ochepa osunga chinsinsi ndi cholinga chofuna kuchira ali ngati wodwala amene amaonetsa bala lobisika kwa dokotala. Anene zofunika zokha, osatchula maina a anthu ena, ndiponso osakometsera nkhani za kumowa.

Lachitatu: ambiri adamva Hadith yonena kuti Swala ya womwa mowa silandiridwa masiku 40, ndiye amasiyiratu kuswali. Apa Satana amapezerapo mwayi. Maulama adafotokoza kuti chimene chimatayika ndi malipiro a Swala, koma udindo woswali umakhalapobe, ndipo wolapa moona Allah amamulandira. Choncho mowa ukangomuchoka m'mutu, asambe, atawaze, aswali. Anthu a AA amalimbikitsana kusiya mowa tsiku limodzi lokha, la lero, mawa nkuyambanso. Ife Allah adatigawira kale tsiku m'zigawo zisanu. M'bale wathu apirire kuchokera Fajr kufika Zuhr, kuchokera Zuhr kufika Asr, mpaka agone atapemphera Isha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ngati kwanu gulu kulibe

M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja munthu adzafunsa nkupeza kuti gulu lapafupi lili pa mtunda wofuna ndalama zambiri za galimoto. Pamenepo tikumbukire kuti AA idayamba ndi anthu awiri. Pafupifupi mzikiti uliwonse uli ndi bambo wina amene kale ankamwa, lero ali pamzere woyamba. Sheikh kapena mwalimu amamudziwa. Ntchito ya Sheikh ndi kupita kwa bamboyo mwamseri nkumupempha kuti: "Bambo, pali mwana wathu wina amene akuvutika ndi zimene munkavutika nazo kale, kodi mungalole kumacheza naye?" Onse awiri akavomera, gulu layamba.

Kuti gulu lotere likhalitse, tikupereka malangizo awa. Likhale ndi tsiku ndi nthawi yosasintha, monga pakati pa Asr ndi Maghrib, imene ndi nthawi yomwe chilakolako chimavuta ambiri. Asodzi a usiku asankhe nthawi yowayenera. Malo akhale obisika bwino, monga chipinda cha madrasa ana ataweruka. Olowa akhale okhawo amene ali ndi vutoli kapena adali nalo. Sheikh atsegule chitseko, abwere akaitanidwa kudzayankha mafunso a chipembedzo, koma asasandutse msonkhano kukhala khutba. Aliyense alankhule za iye mwini, wina asamudule mawu kapena kumuweruza. Zolankhulidwa mmenemo zithere mmenemo, ngakhale kwa mkazi wa kunyumba zisafike, pakuti Mtumiki (S.A.W.) adalonjeza kuti wobisa chilema cha Msilamu mnzake, Allah adzamubisira zake. Pasakhale kukongozana ndalama. Amuna akhale paokha, ndipo alongo athu amene ali ndi vutoli, pakuti nawonso alipo, akhale ndi gulu lawo lotsogozedwa ndi mayi wokhulupirika. Pomaliza, gulu lidziwane ndi namwino wa kuchipatala, kuti wina akayamba kunjenjemera, kapena akayamba kulankhula zofuna kudzipha, amuthamangitsire kumeneko tsiku lomwelo.

Akagwanso

Ambiri amene adasiyiratu mowa adagwapo kangapo asanaime. Lamulo la gulu likhale lakuti wogwa abwerenso sabata yotsatira, ndipo akapanda kubwera, awiri amutsatire kunyumba. M'buku la Hadith la Imam Bukhari muli nkhani ya Swahaba wina dzina lake Abdullah, amene ankakonda kumuseketsa Mtumiki (S.A.W.). Munthuyu adalangidwa kangapo chifukwa cha mowa. Tsiku lina atabwera nayenso, munthu wina adamutemberera podandaula kuchuluka kwa maulendo amene ankagwidwa. Mtumiki (S.A.W.) adaletsa temberero limenelo, nachitira umboni kuti Abdullah amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Pa nkhani ina yofanana nayo adachenjeza Maswahaba kuti asakhale othandiza Satana polimbana ndi m'bale wawo. Tchimo adalitcha tchimo, koma munthuyo sadamutaye. Tidzifunse ife eni: m'bale wodziwika ndi mowa akalowa mumzikiti mwathu tsiku la Ijumaa, timamusunthira malo kapena timasuntha kumuthawa? Ndime ya 53 ya Surat Az-Zumar imaletsa ngakhale amene adadzichitira zoipa zochuluka kutaya mtima ndi chifundo cha Allah. Ife ndiye ndani kuti timutayitse mtima?

Mawu kwa amayi ndi abale

Inu amayi athu ndi alongo athu, mwasenza katunduyu zaka zambiri. Dziwani kuti simudachititse ndinu, ndipo simungamusiyitse ndi mphamvu zanu. Lankhulani naye m'mawa ali bwinobwino, osati usiku ataledzera. Muuzeni chimene mwaona ndi kumene mwapeza thandizo, ndipo mudzipereke kumuperekeza ulendo woyamba. Lekani kumulipirira ngongole za kumowa ndi kumunamira kwa abwana ake, chifukwa kutero kumangotalikitsa matenda. Ndalama ya chakudya ndi ya sukulu ya ana muisunge pamene sangaifikire. Ngati afika pomenya, kupirira sikutanthauza kukhala chete: dziwitsani ankhoswe ndi Sheikh, tengani ana mupite pamalo otetezeka, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nanunso pezani mayi mmodzi kapena awiri a vuto ngati lanu oti muzikhala nawo pansi, monga amachitira a Al-Anon.

Kwa masheikh, amwalimu anzathu ndi makomiti a mizikiti, pempho lathu ndi ili: kope lotsatira lisanatuluke, komiti iliyonse itume munthu mmodzi kuchipatala kukafunsa za thandizo limene lilipo, ndipo ipatule chipinda chimodzi ndi ola limodzi pa sabata. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Ndipo kwa iwe m'bale wathu amene ukuwerenga tsamba lino mobisa, podziwa kuti nkhaniyi ndi yako: uza munthu mmodzi wokhulupirika sabata ino. Tikupempha Allah akuchiritse, akupatse anzako abwino, ndipo ateteze mabanja athu onse. Ameen.